Zithunzi Zikazimirira pa Kanema wa Dishi

Nkhani yathu lero ikukhudza mabanja amene ali ndi dishi pa denga kapena pa khoma la nyumba, ndiponso anyamata amene amaonetsa mpira m'zisakasa za pa msika ndi kulipiritsa pa khomo. Ambiri a inu munaziwonapo izi: anthu adzaza, mpira wafika pokoma, mwadzidzidzi osewera auma ngati ziboliboli, nkhope zawo zagawika timabokosi, kenaka pa galasi pangotsala mawu akuti "No Signal". Pa nthawi yotere sipalephera kupezeka munthu mmodzi wopupuluma amene amafuula kuti, "Bweretsani makwerero, dishi yasuntha!" Munthu ameneyo mumkhazike pansi. Pa zinthu zonse zimene zingalakwike, dishi ndiyo iyenera kukhudzidwa pomalizira, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Zithunzi zimene mumaonera zimachokera ku setilaiti imene ili pa mtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa mzere wa ikweta. Pa mtunda umenewo setilaiti imazungulira dziko kamodzi pa tsiku, monga momwe dziko lenilenilo limazungulirira, motero kwa ife imaoneka ngati yakhomeredwa pamalo amodzi. Mngelezi wina wolemba mabuku, Arthur C. Clarke, anafotokoza za njira imeneyi mu 1945, setilaiti ndi imodzi yomwe isanaponyedwe m'mwamba. Mafunde ochokera kutali chomwecho amafika kuno ali ofooka kwambiri. Ntchito ya dishi ndi yofanana ndi ya dzanja limene agogo amaika kukhutu pofuna kumvetsa: imasonkhanitsa mafundewo ndi kuwalozetsa pa kachipangizo kamene kali kunsonga kwa mkono wake, kotchedwa LNB. Kameneka kamawakuza ndi kuwatumiza m'nyumba kudzera pa waya, kufikira pa dikoda.

Tsono taganizani za kulunjika kumene kumafunika. Dishi ikapendekeka ndi digiri imodzi yokha, kumwambako imaphonya setilaiti ndi makilomita oposa 600, pafupifupi ulendo wa pa msewu wochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe ndi kubwerera. Mmisiri anaipeza setilaitiyo ndi makina ake opimira. Inu mukamasula mabawuti ndi kuyamba kuigwedeza mongoyerekeza, vuto limene likanatha lokha m'mphindi khumi limasanduka la mlungu wathunthu, ndiponso la ndalama.

Choyamba, yang'anani kumwamba. Mafunde a kanema wa dishi amamwedwa ndi madontho a mvula, ndipo mvula ya mabingu, ya madontho akuluakulu, ndiyo yoipitsitsa. Kawirikawiri zithunzi zimathawa mvula isanagwe pakhomo panu, pakuti mtambo wakuda uja wayamba kale kudutsa pakati pa dishi ndi setilaiti. Nthawi zina kuno kumakhala kuli ngwee, koma chimvula chikukhuthuka ku dziko kumene mapulogalamu amatumizidwira kumwamba, ndipo zotsatira zake n'zomwezo. Mankhwala ake ndi kudikira basi. Ngati kuli ziphaliwali, zimitsani zonse, zulani pulagi ku khoma, ndipo musakhudze waya wochokera kunja. Komabe ngati zithunzi zimathawa ngakhale pa mvula yowaza chabe, dziwani kuti siginolo yanu inali yoperewera kale, mvula yangoulula. Anzathu a ku Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay, kumene mvula imagwa yochuluka, amapindula akaika dishi yokulirapo, ya masentimita 90 kapena kuposa.

Palinso chodabwitsa china chimene chimadza kawiri pa chaka, chakumapeto kwa Malichi ndi chapakati pa Seputembala. Masiku amenewo dzuwa limadutsa kumbuyo kwenikweni kwa setilaiti, ndipo mafunde ake amphamvu amaphimba a setilaitiyo monga ng'oma iphimbira kunong'ona. Zithunzi zimasowa kwa mphindi zowerengeka masana, pa nthawi yofanana, kwa masiku angapo, kenaka zimabwerera zokha. Palibe chimene chaonongeka.

Kumwamba kukakhala koyera, funsani mnzanu woyandikana naye amene amaonera mapulogalamu a kampani yomweyo. Ngati nayenso zamthawa, vuto silili m'nyumba mwanu. Ngati kwake kuli bwino, werengani mawu amene alembedwa pa galasi, pakuti si mdima uliwonse umene uli wa siginolo. Mwina mwana anaseweretsa rimoti, kanema nachoka pa HDMI kapena AV pamene dikoda inalumikizidwa. Mwinanso mwezi umene munalipira watha. Pa madikoda a DStv, nambala E16 imaloza ku nkhani ya malipiro, pamene E48-32 ndiyo imanena kuti siginolo yochokera pa dishi siikufika. Zikatero zimitsani dikoda pa khoma, dikirani mphindi imodzi, muiyatsenso. Inu amene mumagwiritsa ntchito magetsi a dzuwa, onaninso batire, chifukwa likafooka dikoda ikhoza kuyaka koma n'kulephera kugwira ntchito moyenera.

Apa ndi pamene ndifuna tichedwepo pang'ono. Pafupifupi dikoda iliyonse ili ndi tsamba loonetsa mizere iwiri, wina wolembedwa "Strength", wina "Quality". Woyamba umanena kuchuluka kwa mafunde amene akufika kudzera pa waya, wachiwiri umanena ngati mafundewo ali omveka. Kusiyana kwake kuli ngati munthu amene waima pakati pa msika wa Limbe: phokoso akulimva lambiri, koma mawu a amene akumuitana sakuwamva. Mizere iwiriyi ndiyo mboni zanu. Yonse ikakhala pansi, kaikirani waya kapena LNB, chifukwa palibe chimene chikudutsa. Woyamba ukakhala pamwamba koma wachiwiri palibe, ndiye kuti waya ali moyo, koma dishi yaphonya, kapena china chaitchinga, kapena wina anasintha manambala a m'kati mwa dikoda. Pa LNB zambiri za masiku ano manambala oyenera ndi 9750 ndi 10600. Langizo langa n'lakuti lero lomwe, pamene zonse zili bwino, mulembe pa pepala manambala amene mizere iwiriyi ikuonetsa, kuti tsiku la vuto mudzakhale ndi poyerekezera.

Tibwere kwa waya, amene mwa kuona kwanga ndiye amalakwa kawirikawiri kuposa zina zonse, ngakhale kuti anthu amamkumbukira mochedwa. Waya ameneyu amanyamula katundu wa mbali ziwiri: amatsitsa mafunde kuchokera pa dishi, ndipo amakweza magetsi a ma volt 13 kapena 18 kuchokera pa dikoda kukadyetsa LNB. Chifukwa cha ichi, zimitsani dikoda pa khoma musanamasule chilichonse. Kenaka masulani kachitsulo kopota kamene kali kumbuyo kwa dikoda, mukayang'anitsitse. Pakati pake pali kawaya kolimba ka kopa, kamene kayenera kukhala kowongoka, kowala ndi kotulukira pang'ono. M'mbali mwake muli timawaya tosalala ngati tsitsi. Kamodzi kokha ka timeneti kakakhudza kawaya ka pakati kaja, magetsi amadukira pomwepo ndipo LNB imafa ndi njala. Mukaona dzimbiri kapena zobiriwira, madzi alowa. Dulani kachidutswa ka wayayo, mumangenso mutu watsopano.

Mtsatireni wayayo ndi maso mpaka kunja. Makoswe amamtafuna kudenga, m'mphepete mwa malata mumamcheka, chitseko chimamfinya, dzuwa la Okutobala limang'amba khungu lake. Malo amene wina analumikiza mawaya awiri pongowapota ndi kukulunga pulasitiki sakhalitsa. Pali kachitsulo kake kolumikizira, kotsika mtengo. Ndiponso waya asanalowe pa khoma, ayambe watsika pansi pang'ono ndi kukweranso, kuti madzi a mvula adonthere panja m'malo motsetsereka mpaka mu dikoda.

Pali chizindikiro china chimene chimasokoneza ambiri: matchanelo ena akuoneka bwino, ena asowa. Dikoda ikamasintha magetsi aja pakati pa 13 ndi 18, imakhala ikuuza LNB gulu la matchanelo limene ikufuna. Tsono waya akanyowa kapena LNB ikayamba kutopa, gulu limodzi limatha kutayika lina n'kutsala. Zimachitikanso LNB ikapotoka m'chogwirira chake, kapena chivundikiro chake cha pulasitiki chikang'ambika ndi dzuwa madzi n'kulowa. LNB ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi dikoda, motero musathamangire kugula dikoda yatsopano musanayese yanuyo pa dishi ya mnzanu. Ikagwira kumeneko, ilibe mlandu.

Tsopano tingayang'ane dishi ija, koma tili chiimire pansi. Setilaiti zonsezi zili pamwamba pa ikweta, choncho kwa ife zili chakumpoto. Za kampani ya Eutelsat zimene zili pa madigiri 36 kum'mawa zimaoneka pafupifupi pamutu penipeni, pamene Intelsat 20, imene inaponyedwa mu 2012 pa madigiri 68.5, ili chakum'mawa ndiponso chotsikirapo, motero mitengo imaitchinga msanga. Dziwaninso kuti madishi ambiri a m'nyumba amalandira kuchokera pamwamba kuposa kumene nkhope yake ikuoneka kuti yaloza. Nthambi yolakwa ikhoza kukhala ya m'mwamba imene simukuiganizira. Mtengo wa mango umene unali waufupi chaka chimene dishi inaikidwa wakula tsopano, ndipo masamba ake akanyowa amatchinga koposa. Onaninso ngati mtengo kapena chitsulo chogwira dishi chapendekeka, ngati kamvuluvulu anapinda mkono wake, kapena ngati inakhomedwa pa thabwa limene chiswe chadya.

Mukaona chimodzi cha zimenezi, ndipo dishi ili pamwamba, itanani mmisiri. Malata onyowa ndi oterera, ndipo pa nyumba zambiri nthambo za magetsi zimalowera pafupi ndi pamene dishi imakhala. Mwana asatumidwe pa denga chifukwa cha mpira. Mmisiri akafika, muuzeni tsiku limene vuto linayamba, ngati kunali mphepo kapena mvula, matchanelo amene asowa, ndi manambala a mizere iwiri ija. Akamaliza, asachoke musanaone nokha kuti mzere wa "Quality" wabwerera pamene unali pa pepala lanu, kuti mabawuti onse amangidwa zolimba, ndi kuti polumikizira waya pa LNB pakulungidwa bwino kuti madzi asalowe.