Mutu 7: Kompyuta Yosuzumira M'mphepete mwa Diso

Mkati mwa diso, chakumbuyo kwenikweni, muli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina. N'kamene kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Patsogolo pake pali zinthu zonanda ngati zoyera za dzira laliwisi. Munthu akamakalamba, zonandazi zimanyala n'kumakoka kachikopa kaja, mwina mpaka kukang'amba. Madzi akalowera pabowopo, retina imakanganuka ngati pepala lomata pakhoma lonyowa.

Kuipa kwake, sizipweteka. Umangoona timadontho takuda tikuyandama ngati tintchentche, kapena mphezi ikung'anima kunja kuli ngwee, kenako mdima ukukwawa kuchokera m'mbali ngati wina akutseka katani. Pachaka, vutoli limagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 10,000. Limakonda anthu osaona patali, amene anachitidwa opaleshoni ya ng'ala, ndi amene anavulalapo m'diso.

M'zaka za m'ma 1920, dokotala Jules Gonin wa ku Lausanne, Switzerland, anasonyeza kuti mankhwala ake n'kutseka bowolo basi. Masiku ano kabowo kakapezeka msanga amakawotcherera ndi laser, wodwala n'kukagona kwawo. Ntchito yagona pokapeza. Mabowowa amabisala m'mphepete, pomwe kamera wamba ya kuchipatala cha maso imajambula pakati pokha, madigiri 45.

Douglas Anderson wa ku Scotland anazionera pakhomo pake. Mwana wake wazaka 5 anachita khungu diso limodzi retina itakanganuka, chonsecho ankapimidwa maso kawirikawiri. Mu 1992 bamboyu anayambitsa kampani ya Optos, ndipo makamera ake amajambula madigiri 200 nthawi imodzi.

Zithunzi zoterezi ndizo chakudya cha AI, nzeru zochita kupanga za kompyuta. Kompyuta amaionetsa zithunzi zambirimbiri zimene madokotala analemba kale kuti ili ndi diso labwino, ili ndi lodwala, mpaka imayamba kusiyanitsa yokha. Mu 2017 akatswiri a pachipatala cha Tsukazaki ku Japan anaonetsa kuti imathadi kuzindikira retina yokanganuka. Mu 2020 a ku Zhongshan Ophthalmic Center mumzinda wa Guangzhou ku China anaiphunzitsa kunenanso ngati macula, kachigawo kapakati kamene timawerengera, kakadali m'malo mwake. Funsoli n'lalikulu: macula ikakhala isanakanganuke, opaleshoni ndi yamsangamsanga, chifukwa maso angapulumuke ndithu.

Koma wina akati kompyutayi ikulosera vutoli, mawu oti "kulosera" ndimawaona ngati okokomeza. Kompyuta siiwombeza ula. Imaona zimene zilipo kale: malo operepeseka, kabowo, madzi oyamba kulowa. Ndipo anthu ambiri amene ali ndi malo operepesekawo amafika kumanda retina ili bwinobwino, choncho kuwotcherera aliyense amene kompyuta yamuloza kungakhale kuputa dala mavuto. Ng'ala kapena nsidze zikatchinga chithunzi, nayonso imasokonezeka. Woweruza akadali dokotala, atathira mankhwala okulitsa mwanadiso n'kuyang'ana yekha.

Inu owerenga, mukadzaona tintchentche tochuluka mwadzidzidzi, mphezi kapena katani uja, musadzati tione mawa. Pitani kuchipatala cha maso tsiku lomwelo.