MUI NE: MUDZI WA ASODZI UMENE UNACHUKA NDI KADAMSANA

Kum'mwera kwa dziko la Vietnam, m'mphepete mwa nyanja yamcere, kuli mudzi wa asodzi wochedwa Mui Ne, pafupi ndi mzinda wa Phan Thiet. Kucokera ku Ho Chi Minh City ndi mtunda wa makilomita pafupi-fupi 200, ndipo mseu watsopano umene unatsegulidwa mu 2023 wafupikitsa ulendowu.

Mlendo wofuna kuona moyo weni-weni wa pamudzipa ayenera kulawira m'mbandakuca. Ngalawa zikabwerako ku usodzi zimaima pakuya, ndipo nsomba zimatutidwa ndi timabwato tobulungira tonga madengu akulu-akulu. Makolo anali kuluka timabwatoti ndi nsungwi ndi kumata utomoni, koma tambiri masiku ano ndi tapulasitiki. Pamcenga azimai amasankha nsomba ndi nkhanu, malonda nacitika pomwepo.

Cuma cakale ca derali ndi msuzi wochedwa nuoc mam. Tinsomba tonga kapenta amatisanja m'migolo yamatabwa pamodzi ndi mcere, nasiya kwa miyezi yambiri, mwina caka cathunthu. Madzi ofiira amene amatuluka ndiwo amakometsa ndiwo m'dziko lonselo.

Asodzi a kumeneko amalemekeza namgumi, pokhulupirira kuti amapulumutsa ngalawa pa namondwe. Namgumi akafera pagombe amamuika m'manda monga munthu. Mu kacisi wa Van Thuy Tu ku Phan Thiet, amene anamangidwa mu 1762, muli mafupa a namgumi otalika mamita 22.

Zinthu zinasintha pa 24 Okutobala 1995, pamene khamu la alendo linafika kudzaona kadamsana wa dzuwa. Alendowo anacita cidwi ndi gombe ndiponso zitunda za mcenga wofiira ndi woyera, ndipo posacedwa mahotela anayamba kumangidwa.

Alendo abweretsa nchito ndi ndalama, koma mabvuto nawonso alipo. Mbali yaikulu ya gombe tsopano iri pa khomo la mahotela, ndipo mafunde akukokolola mcenga kotero kuti malo ena amangapo makoma a simenti. Msodzi afunika gombe lokocezapo bwato ndi poyanika maukonde. Gombelo likatha, mudzi udzataya comwe alendo amadzera m'mamawa kudzaona.