Kupeta Mbiri ya Munthu: Chitsanzo cha John Chilembwe

Mphunzitsi aliyense limamufikira tsiku loti alembe pabolodi mbiri ya munthu wotchuka, kuti ana akopere m'makope mwawo. Zimene walembazo ana amaziloŵeza, ndipo ena amakula nazo mpaka imvi. Akalemba zokometsera, ana adzayesa kuti mbiri ndi nyimbo yotamanda munthu. Akaunjika zambirimbiri, adzaloŵeza mayina koma nkhani osaimva. N'chifukwa chake tiyenera kuphunzira luso la akonzi a mabuku aja otchedwa insaikulopediya, amene amalongosola moyo wonse wa munthu m'ndime zoŵerengeka. Ntchito yawo ifanana ndi ya mayi wopeta mphale m'lichero: gaga achoke, mphale itsale.

Tiyeni titenge mbiri ya John Chilembwe. Tiyerekeze kuti wophunzira wina wayamba motere: "John Chilembwe, mkango wa ku Chiradzulu, munthu wopanda banga, adabadwa kuti apulumutse dziko lathu." M'chiganizo chimenechi mulibe mfundo ngakhale imodzi imene mwana angaifufuze m'buku lina ndi kuitsimikiza. Mkonzi angalembe kuti: "John Chilembwe adali mbusa wa mpingo wa Baptist amene adakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, m'chaka cha 1900, ndipo adatsogolera anthu kuukira boma la atsamunda mu 1915." Apa woŵerenga wadziŵa kale munthuyo, ntchito yake, malo ndi nthaŵi.

Lamulo loyamba tsono ndi lakuti zochita za munthu zimulankhulire. M'malo monena kuti adali wolimba mtima, lembani kuti mu Novembala 1914 adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu akuda alikufa pa nkhondo ya Azungu imene sadzapindula nayo kanthu. Mwana akamva zimenezi adziwonera yekha kulimba mtimako.

Lamulo lomweli ligwiranso ntchito pa zinthu zoŵaŵa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe adapha William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya A. L. Bruce ku Magomero. Mkonzi woona sabisa imfa imeneyi pofuna kuyeretsa mbiri, ndiponso satchula anthuwo zigaŵenga monga adachitira atsamunda. Amanena chimene chidachitika, nanenanso zifukwa zake, monga thangata ndi kuwotchedwa kwa nyumba zopemphereramo pa mindayo. Chiweruzo amasiyira woŵerenga.

Lamulo lachiŵiri likhudza kuchuluka kwa mfundo. Pa mfundo iliyonse dzifunseni kuti: kodi ndikaichotsa, nkhaniyi imvekabe? Dzina la Joseph Booth silingachoke, pakuti ndiye adapita naye ku America mu 1897, kumene adakaphunzira zaubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Popanda Booth, mwana sangamvetse mmene mnyamata wa ku Chiradzulu adafikira kutsidya kwa nyanja. Koma mayina a madoko onse amene adadutsamo ndi gaga. Muyezo wake ndi woŵerenga. Ana a Sitandade 6 akwanira ndi ziganizo zisanu ndi zitatu. A Fomu 4 afunika tsamba lathunthu lolongosola zifukwa ndi zotsatira zake. Wofuna zakuya apite ku buku la George Shepperson ndi Thomas Price lotchedwa Independent African, limene lidatuluka mu 1958.

Lamulo lachitatu ndi lakuti musalembe mopyola pamene umboni walekeza. Mabuku amati Chilembwe adabadwa cha m'ma 1871, ndipo timawu takuti "cha m'ma" tisachotsedwe pofuna kuti chiganizo chiwoneke chosalala. Samalaninso ndi masiku ofanana. Tsiku la 15 Januwale ndi limene Amalaŵi timamukumbukira, koma iye adaphedwa pa 3 Febuluwale 1915. Mphunzitsi akasokoneza masiku aŵiriŵa, kalasi yonse idzalakwa naye pamodzi pa mayeso.

Nanga m'kalasi tingachite bwanji? Lembani ziganizo 20 za moyo wa Chilembwe, musakanizemo zotamanda, zonyoza ndi zosafunika. Gaŵani ana m'magulu, poti mutu umodzi susenza denga. Poyamba adule mzere kunsi kwa afotokozi onse, ndipo afunsane ngati liwu lililonse lili ndi umboni wake. Kenaka asankhe ziganizo zisanu ndi zitatu zokha, aziyale motsata zaka. Pomaliza gulu lililonse liŵerenge ndime yake ndi kufotokoza chifukwa chimene lasiyira zinazo. Magulu akatsutsana musafulumire kuweruza, pakuti phunziro lenileni lili m'kutsutsanako.

Mwana amene wazoloŵera kupeta mbiri motere sadzameza nkhani iliyonse imene wamva pa wailesi kapena waŵerenga pa intaneti. Adzayamba wafunsa kuti wanena ndani, umboni wake uli kuti, ndipo chasiyidwa n'chiyani. Koma kuti ana afike pamenepo, inu aphunzitsi a maŵa muyambe mwapeta zolemba zanu musanagwire choko.