NYANJA YAKUTALI NDI NKHOKWE ZATHU

Akulu-akulu a ku Petauke ndi ku Nyimba sanaiwale caka ca 1992, pamene cimanga cinapserera m'minda cisanabereke, anthu napulumukira cimanga cacikasu cocokera kunja. M'caka ca 2024 cilala cinabweranso, kotero kuti pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka. Kodi mudziwa, abale, kuti zaka ziwiri zonsezi gwero la bvuto linali ku nyanja ya Pacific, imene ambiri a ife sitidzaiona n'komwe?

Kale-kale asodzi a ku Peru anaona kuti zaka zina madzi a m'nyanjayo amafunda pa nyengo ya Khirisimasi, ndipo anawacha El Niño, ndiko kunena Mwana Yesu. Madzi akafunda motero mphepo zisintha njira, ndipo kawiri-kawiri kuno kumwera kwa Africa mvula icepa.

Kuti amvetse khalidwe la nyanja, akatswiri afunika mbiri yake ya zaka zambiri. Koma mbiriyo ili ndi mipata. Amalinyero akale ankatunga madzi ndi ndowa, nayesa kufunda kwake, nalemba m'buku. Koma ankatero m'njira za zombo mokha, ndiponso pamwamba pa madzi pokha. Pofika 1994 zipangizo zoyandama pafupi-fupi 70 zinali zitamangiriridwa m'nyanja ya Pacific. Kuyambira ca m'ma 2000 kunabwera zina zochedwa Argo, zimene lero zili pafupi-fupi 4,000: zimamira mamita 2,000, ndipo masiku 10 ali onse zivuuka ndi kutumiza miyeso ya kufunda ndi mcere.

Nanga mipata ya kale aitseka bwanji? Ganizani za mlenje wa ku Luangwa. Pa mcenga aona mapazi a nyama, pa thanthwe mapazi asowa. Koma popeza adziwa mayendedwe a nyamayo, alondola mpaka awapezenso. Akatswiri nawo aphunzitsa kompyuta malamulo a mayendedwe a madzi, mphepo ndi kutentha. Kompyutayo iwerengera m'mene nyanja inaliri, ndipo pali ponse pamene pali muyeso weniweni, muyesowo uiwongola ikasocera. Mwa njira imeneyi bungwe la za nyengo la maiko a ku Ulaya, ECMWF, lakonza mbiri ya nyanja zonse, mwezi ndi mwezi, kuyambira 1958.

Phindu lake lifika mpaka ku nkhokwe. M'caka ca 1994 Mark Cane ndi anzake anaonetsa kuti zokolola za cimanga ku Zimbabwe zimatsata kufunda kwa nyanja ya Pacific, ndi kuti cizindikiro cioneka miyezi ingapo anthu asanakolole. Komabe si ulosi wosalephera: El Niño wa 1997/98 anali wamkulu zedi, koma cilala sicinafike pamene anthu ankaopera, pakuti nyanja ya Indian nayo ili ndi mbali yake pa mvula yathu.

Conco a zanyengo akacenjeza pa wailesi, tisanyozere. Tikambirane m'miphakati yathu, tibyale mbeu zoca msanga, tisaiwale mapira ndi cinangwa, ndipo tisagulitse cimanga conse. Yosefe ku Ejipito atacenjezedwa za njala sanakhale manja lende, koma anadzaza nkhokwe. Nzeru za akatswiri nazonso ndi mphatso ya Mulungu. Kwa ife kwatsala kuzigwiritsa nchito.