Masamu a William Harvey ndi kayendedwe ka magazi m'thupi

Kwa zaka zoposa 1,300, madotolo a ku Ulaya ankaphunzitsidwa kuti magazi amapangidwa m'chiwindi kuchokera ku chakudya, amafalikira m'thupi n'kuthera komweko, kenako chiwindi n'kupanga ena. Mwini chiphunzitsochi anali Galen, sing'anga wa ku Pergamon amene ankachiza mafumu a ku Roma. Analidi katswiri, koma m'nthawi yake kutumbula mtembo wa munthu sikunkaloledwa, choncho ankatumbula anyani ndi nkhumba n'kumati munthunso ali chimodzimodzi.

Ngakhale masukulu aukachenjede atayamba kutumbula mitembo ya anthu, zinthu sizinasinthe msanga. Mphunzitsi ankakhala pampando wautali n'kumawerenga buku la Galen, wogwira mpeni ali wina pansipo. Mtembo ukatsutsana ndi buku, mlandu unkagwera mtembowo.

Mmodzi mwa oyamba kutsika pampando uja n'kugwira yekha mpeni anali Andreas Vesalius wa ku Brussels, yemwe ankaphunzitsa ku Padua m'dziko la Italy. M'buku lake la mu 1543 anaonetsa zolakwika zambiri za Galen, mwachitsanzo kuti nsagwada ya m'munsi ya munthu ndi fupa limodzi, pomwe Galen ankati ndi awiri. Zithunzi za m'bukumo zinazokotedwa pamatabwa mwaluso la amisiri a nthawiyo, ndipo popeza makina osindikizira anali atafala, wophunzira aliyense akanatha kuyerekeza chithunzi ndi zimene akuona ndi maso. Chaka chomwecho buku la Copernicus linatuluka, lonena kuti dziko ndilo limazungulira dzuwa.

Ku Padua komweko n'kumene kunaphunzira William Harvey, Mngelezi wobadwa mu 1578. Mphunzitsi wake, Fabricius, anali atafotokoza tizitseko ta m'mitsempha, koma ntchito yake yeniyeni sanaizindikire. Harvey atabwerera ku London anayamba kuonetsetsa mitima ya njoka, achule ndi nsomba, chifukwa imagunda pang'onopang'ono moti munthu atha kuitsatira ndi maso. Kenako anachita chinthu chimene asing'anga anzake sankachita: anawerengera. Anayerekeza magazi amene mtima umatulutsa ukagunda kamodzi, mwadala n'kutenga mlingo wochepa kwambiri, n'kuchulukitsa ndi kugunda kwa theka la ola. Yankho linaposa magazi onse a m'thupi. Lero tikudziwa kuti mtima wa munthu wamkulu amene wangokhala umapopa pafupifupi malita 5 pa mphindi, kutanthauza malita oposa 7,000 pa tsiku, chonsecho thupi lonse lili ndi malita 5 okha. Ndi chiwindi chanji chingapange magazi ochuluka chotero, ndipo munthuyo angadye nsima yochuluka bwanji? Magazi ndi omwewo, amangozungulira.

Umboni wina mungauone pamkono panu. Namwino akamatenga magazi amayamba wamanga lamba pamwamba pa chigongono, ndipo mitsempha imatupa chakumunsi kwa lambayo, kusonyeza kuti magazi a m'mitsemphayi amachokera kudzanja kupita kumtima. Harvey ankatsindika chala pamtsempha wotupawo, ndi chala china n'kukankhira magazi chakumtunda mpaka kudutsa kachotupa pamene pali kachitseko. Mpata wapakatiwo unkakhala wophwa. Akachotsa chala chakumunsi, mtsempha unkadzadzanso nthawi yomweyo.

Anasindikiza zimenezi mu 1628 ku Frankfurt, m'kabuku ka masamba 72 okha. Anzake ena anamutsutsa kwa zaka, ndipo mnzake John Aubrey analemba kuti odwala obwera kwa iye anachepa chifukwa anthu ankamuyesa wozungulira mutu. Otsutsawo anali ndi funso lomveka ndithu: magazi amawoloka bwanji kuchoka m'mitsempha yochokera kumtima kulowa m'mitsempha yobwerera? Harvey anamwalira mu 1657 asanaione njirayo. Anadzaiona ndi Marcello Malpighi mu 1661, pounika mapapo a chule ndi maikulosikopu n'kupeza timitsempha topyapyala kuposa tsitsi.

Tisaiwale kuti nzeruzi sizinayambire ku Ulaya kokha. M'zaka za m'ma 1200, Ibn al-Nafis, dotolo wa ku Cairo, anali atalemba kale kuti magazi amachoka mbali ina ya mtima kudzera m'mapapo kupita mbali inayo. Chimene a ku Ulaya anakhazikitsa ndi chizolowezi choti mawu a wamkulu, kaya atchuke bwanji, ayesedwe poyera ndi maso komanso ndi masamu. Komabe chizolowezicho chinalowa mochedwa m'zipinda za odwala: madotolo anapitiriza kukhetsa magazi a odwala ngati mankhwala, ndipo George Washington, pulezidenti woyamba wa dziko la America, anamukhetsa ochuluka tsiku limene anamwalira mu 1799.

Kuika magazi, madiripi ndi kuyeza BP zonse zimadalira zimene Harvey anapeza. Makina a BP amayeza mphamvu imene magazi akukankhira makoma a mitsempha, ndipo matenda a kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sapweteka mpaka atawononga mtima, impso kapena ubongo. Mukapita kuchipatala pemphani akuyezeni, ndipo manambala akamafika pa 140/90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, kaonaneni ndi dotolo.