Kutupa miyendo si nsanje ya pamsika: BP imadya impso mwakachetechete

Azakhali anga akhala akugulitsa nsomba zouma mumsika wa Limbe kuyambira ine ndili ku pulayimale. Fizi yanga ina inachokera pa benchi lawo lomwelo, ndiye akadwala iwo, inenso tulo sindiliona. Chaka chatha ndinawapeza atakhala pa kampando, phazi alisanjika pa dengu, zingwe za patapata zitalowa m'mnofu ngati luzi lomangira thumba la makala.

Nditafunsa anangoseka, ati ndi kukhalitsa malo amodzi tsiku lonse basi. Mayi wa benchi loyandikana nalo anali ndi maganizo ena: ati alipo wina akuwachitira nsanje poti chambo chawo chimatha msanga, ndiye wawatchera mankhwala panjira. Nkhani itafika kumudzi, kumeneko anati ndi tsempho. Aliyense anasanduka dokotala. Palibe ndi mmodzi yemwe anakumbukira kuti mayi ameneyu anauzidwa kalekale kuchipatala kuti ali ndi BP, ndipo mankhwala anasiya kumwa mutu utangoleka kuwawa.

Ndinawakakamiza, tinapita. BP inapezeka ili kumwamba, kudutsa patali 140/90 pomwe achipatala amayambira kuti yakwera. Atayeza mkodzo ndi magazi, anatiuza kuti impso zayamba kuonongeka. Azakhali anatsutsa pomwepo, ati zingatheke bwanji pomwe msana suwawa? Apatu ndi pomwe ambiri timanamizika, abale anga. Impso yomwe ikudyedwa ndi BP siiwawa. Munthu atha kutha zaka akudzuka m'mbandakucha kukaoda katundu, akuseka ndi makasitomala, mkatimo zinthu zikutha.

Impso zilipo ziwiri, kumsana m'munsi mwa nthiti, iliyonse kukula kwake ngati chibakera chanu. Mu impso imodzi muli timasefa ting'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni. Pa tsiku zimasefa madzi a m'magazi okwana malita ngati 180, pafupifupi diramu lathunthu, zabwino n'kuzibweza m'thupi, zonyansa n'kuzitulutsa mu mkodzo wa lita imodzi kapena awiri. Tsono inu ogulitsa ufa mukudziwa zomwe zimachitika mukamakanikiza sefa mwamphamvu tsiku ndi tsiku: mawaya amatanuka, zosafunika kudutsa zimayamba kudutsa. Magazi othamanga mwamphamvu amachita chimodzimodzi ndi timitsempha ta mu impso. Mapuloteni, omwe amayenera kutsala m'magazi kuti amange thupi, amayamba kutayikira mu mkodzo. Choipa kwambiri n'choti impso yoonongeka imasunga mchere ndi madzi m'thupi, BP n'kukweranso kuposa kale, impso n'kuonongekabe. Zimangothamangitsana choncho.

Mapuloteni otayika aja nthawi zina amaoneka ngati thovu. Sindikunena kathovu komwe kamabwera munthu akakodza mwamphamvu n'kutha pompo ayi. Ndikunena thovu lochuluka, longa la sopo, losachoka ngakhale papite mphindi zingapo, ndipo likubwera tsiku ndi tsiku. Vuto ndi loti ambirife timagwiritsa ntchito chimbudzi chokumba, ndiye mkodzo wako ungauone bwanji mumdima muja? Azakhali anavomera kuti chiyambire sanayang'anepo. Pezani kachitini kapena botolo loyera bwino lopanda sopo, mukodzeremo m'mawa, muone. Ukafiira ngati muli magazi kapena kuda ngati tiyi wopanda mkaka, osadikiranso.

Chachiwiri ndi kudzukadzuka usiku. Impso yabwino imachepetsa mkodzo munthu akagona. Yofooka imalephera, ndiye mumapezeka mwatuluka panja katatu, kanayi, musanamwe ndi mowa womwe. Matenda a shuga amachitanso zomwezi, ndipo abambo achikulire zimawachitikira pa zifukwa zinanso, komatu munthu wa BP asangoti ndi ukalamba kapena kuzizira kwa mu Juni.

Ndiye kutupa kuja. Zoona, kukhala kapena kuimirira pa benchi kuyambira 6 koloko mpaka dzuwa kulowa kumatupitsa mapazi pang'ono, ndipo ukagona kumatha. Kutupa kokayikitsa ndi kosatha m'mawa, kapena kofika kumaso, zikope zitalemera ngati munalira usiku wonse. Dinani ndi chala chachikulu pa msongolo, muwerenge mpaka 10, muchotse. Pakatsala kadzenje, m'thupimo mwadzaza madzi. Atha kukhala mtima, chitha kukhala chiwindi, zitha kukhala impso, ndipo wosiyanitsa ndi wachipatala, osati mayi wa benchi loyandikana. Kwa mayi woyembekezera, kutupa kumaso ndi m'manja limodzi ndi mutu kapena kuona zinthu mwachimbuuzi ndi nkhani yothamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Kutopa kosadziwika bwino, nseru, kusafuna kudya, thupi kuyabwa, kupuma mobanika, izi zimakonda kubwera zinthu zitafika kale patali. Ndipo kunena chilungamo, ngakhale kutupa komwe si chizindikiro choyambirira kwenikweni. Choyambirira chenicheni sichioneka ndi maso. Chimapezeka poviika kapepala mu mkodzo kuti aone mapuloteni, ndi poyeza magazi kuona chinthu chotchedwa creatinine, chomwe chimachuluka impso zikamalephera kuchichotsa. Amene ali ndi BP kapena shuga ayenera kuyezetsa ziwirizi kamodzi pa chaka ngakhale akudzimva kuti ali gwa. Mzere ukakhala wautali wachipatala atha kungolemba mankhwala n'kuitana wina, ndiye funsani nokha mwaulemu kuti kodi impso zanga mungandiyezeko? Chinanso choti muwauze: ngati BP ikukana kutsika pomwe mankhwala mukumwa mokhulupirika, impso zitha kukhala kuti ndi zomwe zikuikweza.

Musaganize kuti ndi matenda a mabwana a magalimoto. Kafukufuku yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Werengani nokha mabenchi a mu mzere wanu.

Chomwe chinandikwiyitsa ine ndinachipeza m'kachikwama kawo ka ndalama: mabulufeni ndi ma indosidi, ogula pa okala. Ati ankamwa awiri m'mawa, awiri madzulo, kuti mawondo alole kunyamula dengu. Madzi sankamwa masana onse poopa kulipira chimbudzi cha pamsika. Mankhwala a mtundu umenewu, kuphatikizapo diclofenac, amachepetsa magazi opita ku impso ndiponso amakweza BP. Kuwamwa tsiku ndi tsiku, thupi lili louma, uli kale ndi BP, ndiye kuithira impso palafini pamoto. Panado pa mlingo wake ndi wabwinoko. Za mabotolo a zitsamba omwe anyamata amayenda nawo m'madepoti, ati otsuka impso, ine ndingoti amatsuka m'thumba. Zomwe asakanizamo simuzidziwa, ndipo zina zimamaliza impso yofooka kale.

Impso ikaonongeka ndi BP siibwereranso mwakale, koma kuonongekako kutha kuchedwetsedwa kwa zaka zambiri. Ikalephereratu, chotsala ndi makina otsuka magazi omwe amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Munthu amagona pa makinawo maola ngati anayi, kawiri kapena katatu pa sabata, moyo wake wonse pokhapokha ataikidwa impso ina. Nanga benchi atsala nalo ndani? Mpamba utsala?

Azakhali mwayi wawo sanafike kumeneko. Anawasinthira mankhwala n'kuwapatsa enalapril, omwe amatsitsa BP komanso kuchepetsa kutayika kwa mapuloteni (oyembekezera saloledwa kumwa amenewa), ndipo patapita milungu ingapo anawayezanso magazi. Tsiku la sikelo yawo ya BP amasiyira mdzukulu benchi. Nkhondo yatsala pa mchere. A WHO amati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, powerengera ndi wobisika mu tchipisi, mu timakyubu tokometsera ndiwo ndi soda wa mu therere. Loweruka lapitali ndinawapeza akudya nsima ya pamsika, kapepala ka mchere atakabisa pansi pa mbale. Atandiona anakakankhira kwa mayi wa benchi loyandikana uja, ati n'kawo.