Tsiku lomwe ndinanyoza kochi wa Penrith

Mu 2022 ndinatsala pang'ono kuponya foni pansi. Ndimatsatira NRL, ligi ya rugby league ya ku Australia, ndipo kochi wa Penrith Panthers, Ivan Cleary, anapumitsa akatswiri ake ambiri pa gemu yomaliza ndime ya chipulula isanayambe. North Queensland Cowboys inawaswa 38-8. Ndinati, "Akuluwa mutu sukuyenda."

Komatu taganizani: ligiyi imayamba mu Malichi, fainolo imabwera mu Okutobala. Osewera amagundana mphindi 80 sabata ndi sabata, ena n'kuseweranso State of Origin pakatikati. Thupi si chitsulo. N'chifukwa chake makochi amakhwimitsa zokonzekera ligi isanayambe, kenako n'kumazichepetsa kuti anyamata azigona mokwanira, zilonda zipole, mphamvu zidzakwane pa magemu a chikho.

Patangotha mwezi, Penrith inagonjetsa Parramatta 28-12 n'kunyamula chikho. Manyazi anandigwira ine.